Mukupita ku Tete kapena ku Beira? Konzekani motere musanachoke mu Blantyre

Mzinda wa Blantyre uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, n'chifukwa chake ngakhale mu Okutobala usiku kumagoneka. Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, ndipo Beira ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Indian. Amene anatsikapo pa Thabwa kupita ku Nchalo kapena ku Nsanje mu Novembala akudziwa momwe mpweya umasinthira galimoto ikangomaliza chitunda. Ku Tete n'chimodzimodzi, ndipo nthawi yotentha kumadutsa madigiri 40. Ambiri amakonza pasipoti ndi ndalama basi, thupi n'kuliiwala, chonsecho ndilo limayamba kugonja.

1. Sankhani nyengo

Ngati ulendo si wa maliro kapena wa katundu wofulumira, pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kukakhala kozizirako. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe. Idai anaphwasula Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy, amene anatiliza kuno mu Malichi 2023, anatulukira m'gombe la Mozambique lomwelo. Mukamva pawailesi kuti namondwe akubwera, imitsani ulendo. Mverani nkhani za chitetezo panjira yanu tsiku lonyamuka lisanafike.

2. Mapepala

Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Mmalawi wokacheza masiku osapitirira 30 safunika viza ku Mozambique. Jambulitsani tsamba la chithunzi makope awiri, ina musiye kunyumba, ina muike m'chikwama chosiyana ndi chomwe muli pasipoti. Mwana akhale ndi chiphaso chakechake, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi, tengani kalata ya chilolezo ya kholo linalo.

Khadi lachikasu la yellow fever limafunidwa kwa munthu amene wachokera kapena wadzera kudziko komwe kuli matendawa. Malawi sali m'gulu limenelo. Komabe ngati muli nalo litengeni, chifukwa katemera wake ndi wa moyo wonse, ndipo amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni.

Oyenda pagalimoto yawo atenge blue book, laisensi, chilolezo cha apolisi chotulutsira galimoto, ndi kalata ya mwini wake ngati galimoto ndi yobwereka. Inshuwalansi ya COMESA Yellow Card sigwira ntchito ku Mozambique, muyenera kugula ya komweko pachipata. Mukhalenso ndi matrayango awiri ndi jekete yonyezimira.

3. Pachipata

Kuchoka mu Blantyre kukafika ku Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100. Nyamukani m'mamawa kuti muwoloke dzuwa lisanakwere. Mudinditsa kawiri: potuluka ku Mwanza ndi polowa ku Zobue, ndipo pakati pa maofesi awiriwa pali kamtunda. Musapatse munthu wongokuthamangirani pasipoti kuti akakudindireni. Lowani nokha, ndipo musanachoke pawindo werengani tsiku lomwe alemba ndi masiku omwe akupatsani. Mukapitirira masikuwo mumalipira chindapusa cha tsiku lililonse, ndipo wosowa chidindo cholowera amavutika pa rodibuloko iliyonse mpaka pobwerera.

Ndalama ya kumeneko ndi metical. Osintha ndalama a pamsewu amawerenga mothamanga dala. Gwirizanani mtengo kaye, muwerenge ma metical onse m'manja mwanu, kenako mupereke makwacha. Ndalama zambiri sinthani kubanki kapena ku bureau ndipo musunge malisiti. Musaike zonse thumba limodzi.

4. Madzi ndi kutentha

Apa ndiye pagona ulendo wonse. Munthu wozolowera Blantyre amamwa madzi akamva ludzu, koma kumalo otentha ludzu limabwera mochedwa, thupi litataya kale madzi ambiri. Wamkulu akonzekere malita 3 kapena kuposa patsiku, kumwa pang'onopang'ono. Muyezo wabwino ndi mkodzo: ukakhala woyererako muli bwino, ukakhala wachikasu kwambiri komanso wochepa, onjezerani madzi. Ambiri m'basi amadzimana madzi poopa kusowa potaya, ndipo amafika mutu ukuwawa ngati wadwala malungo. Imwani ndithu, basi ikaima mutsike.

Thukuta limachotsanso mchere m'thupi. Tengani mapaketi 6 kapena kuposa a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, osachepetsa madziwo poganiza kuti ikhala yamphamvu. Akakutherani, pangani nokha: masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Mchere ukachuluka umavulaza, makamaka ana.

Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko masana khalani pamthunzi, zogula ndi zoyendayenda zichitike m'mawa. Valani zovala za thonje zotakasuka, zowala, ndi chipewa. Mnzanu akayamba chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu, mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'nyowetse ndi madzi ndi kum'patsa Thanzi. Koma akayamba kuyankhula zosokonekera kapena kukomoka thupi lili moto, musam'mwetse chilichonse. Muthireni madzi thupi lonse, muzim'kupiza, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Zikafika apa munthu amatha kufa tsiku lomwelo.

Ku Beira vuto ndi chinyezi. Thukuta siliuma, choncho thupi silizizira msanga, ndipo m'khwapa ndi m'mphechepeche mumatuluka tizidzolo toyabwa. Sambani kawiri patsiku, pukutani bwino pakati pa zala za kumiyendo kupewa linyetsu, ndipo musabwereze sokosi zonyowa.

Madzi akumwa akhale a m'botolo lomwe chitsekero chake mwathyola nokha, owiritsa, kapena othira WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Ayisi wa m'zakumwa ndi mafirizesi a pamsewu ndiwo amapusitsa anthu osamala, poti sudziwa madzi omwe anapangira.

5. Malungo

Musanene kuti malungo tinawazolowera. Munthu wokhala m'tauni pamalo okwera, amene salumidwalumidwa, chitetezo chake chimachepa, ndipo akalumidwa m'chigwa amadwala kwambiri. Tengani neti yanu yonyikidwa m'mankhwala ndi kachingwe komangira, chifukwa za m'malo ogona zambiri zimakhala zobooka. Gulani mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, muzidzola m'mikono, m'khosi ndi m'mapazi dzuwa likamalowa. Udzudzu wa malungo umakonda kuluma m'miyendo pansi pa tebulo mukucheza usiku.

Kutatsala sabata ziwiri kuti munyamuke, pitani kuchipatala mukafunse za mankhwala oteteza. Osangogula pa famase chifukwa mnzanu anamwa. Mwachitsanzo doxycycline saloledwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8, ndiponso amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Mayi woyembekezera afunse kusikelo ngati ulendowo ndi woyenera.

Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga, tengani okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, m'mabotolo ake, pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Akhale m'chikwama cha m'manja. M'buti ya basi mumatentha kwambiri, ndipo insulin imawonongeka ndi kutentha.

6. Chakudya, mtsinje ndi nyanja

Nsomba ndi nkhanu za ku Beira n'zokoma, idyani, koma zikhale zophikidwa pomwepo, zikufuka nthunzi. Zomwe zakhala pa thebulo kuyambira m'mawa zisiyeni. Zipatso sendani nokha. Mukatsegula m'mimba yambani Thanzi nthawi yomweyo. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena chamagazi, pitani kuchipatala osadikira kuche.

Mu Zambezi muli ng'ona, ndipo m'madzi odikha a m'madambo muli likodzo. Nyanja yamchere isakupusitseni chifukwa munasambirapo ku Mangochi. Madzi ake amaphwera kutali kenako n'kubwerera kawiri patsiku, ndipo ku Beira amabwerera ndi liwiro. Funsani asodzi nthawi yomwe madzi adzadze musanapite kutali pamchenga, ndipo ana asachoke pafupi nanu.

7. Foni ndi chiyankhulo

Masoketi a kumeneko ndi a mabowo ozungulira, choncho chaja ya mano atatu a kuno silowa. Gulani adaputa ku Limbe musananyamuke. Layini ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel imatchipa kuposa kuyendera ya kuno, ndipo polembetsa afuna pasipoti. Nambala zofunika zilembeninso papepala.

Ku Tete amayankhula Chinyungwe, ndipo mukamayankhula Chichewa modekha mumamvana ndithu. Ku Beira kuli Chisena ndi Chindau. M'maofesi ndi Chipwitikizi: yambani ndi "bom dia", funsani mtengo ndi "quanto custa", madzi ndi "água". Minibasi amati chapa. Apolisi akakuimitsani onetsani pasipoti mwaulemu, ndipo muziyenda nayo paliponse.

8. Mukabwerera

Katundu wogula muonetseni kwa a MRA ku Mwanza pamodzi ndi malisiti ake. Malungo amayamba kuoneka pakatha masiku 7 kapena kuposa chilumidwireni, choncho mutha kudwala mutafika kale ku Ndirande kapena ku Chilobwe. Thupi likatentha, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala komwe munali. Akakupatsani LA, imwani maulendo onse 6 m'masiku 3, ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono kapena mkaka, ngakhale mutapeza bwino tsiku lachiwiri.