Momwe mungapezere ndalama zoyendetsera laibulale ya kwanu osadikira boma

Anthu akamva kuti pa trading centre yathu pali laibulale, amafunsa kuti mabuku tinawatenga kuti. Mabuku savuta. National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, imalandira mabuku ku Book Aid International ya ku Britain n'kumagawa, ndipo African Library Project ya ku America yatsegulitsa malaibulale ambiri m'sukulu za kuno, iliyonse ndi mabuku pafupifupi 1,000. Koma mabungwewa salipira mlonda, sagula mankhwala a chiswe, ndipo denga likayamba kudontha mu Januwale sabwera ndi malata. Laibulale imatsekedwa mabuku ali thoo m'mashelefu. Imene imafunika ndi ndalama yaing'ono yolowa sabata ndi sabata, ndipo ife timaipeza motere.

Choyamba: komiti ndi akaunti

Izi nonse mukuzidziwa. Sankhani komiti, lembetsani gulu lanu ku ofesi ya Social Welfare ku boma kwanu, tsegulani akaunti ya osayinira atatu. Msungichuma asakhale mkazi kapena mlamu wa tcheyamani, basi.

Chachiwiri: pemphani chimanga, osati ndalama

Mukauza munthu wa kumudzi kuti asonkhe K1,000 pa mwezi ya laibulale, akuyang'anani ngati mwapenga. Koma mu Meyi, nkhokwe zitadzaza, ndowa imodzi ya chimanga siimupweteka. Pitani kwa a gulupu nthawi yokolola isanakwane, iwo ndi amene alengeze pa msonkhano. Ine ndinawakumbutsa za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, n'kukabwereka buku pa kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Agogo athuwo anangoti, "Ndiye kuti buku limaposa feteleza?" Mawa lake anatumiza ndowa ziwiri kuchokera m'nkhokwe yawo.

Chimangacho musagulitse pomwepo, mavenda angokuberani. Sungani mpaka Januwale kapena Febuluwale mtengo utakwera. Matumba a PICS, osalowa mpweya aja, ndi odula koma safuna mankhwala, ndipo amagwira ntchito zaka zingapo ngati makoswe sanaboole. Samalani ndi mankhwala a fumbi a m'timapepala topanda dzina amene amagulitsa pa tsiku la msika, anankafumbwe amangosambamo.

Chachitatu: sola yotchajira mafoni

Apa ndi pamene ndinalira, ndiye ndifotokoza mwachifatse.

Kwathu magetsi kulibe, ndipo aliyense ali ndi foni. Kutchajitsa anthu mafoni ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku, komanso munthu akamadikira foni yake amayamba kutsegula nyuzipepala. Ndalama ya chimanga cha chaka choyamba komiti inandipatsa ine kuti ndikagule zipangizo m'tauni. Ndinalowa mu shopu ina pafupi ndi depoti, mnyamata wake wapakamwa pokoma, amvekere "Akulu, iyi ndi ya ku Germany, musavutike kwina." Kuseri kwa panelo kunali kapepala kolembedwa 200W. Batire anandipatsa la galimoto, akuti ndi limodzimodzi. Za charge controller, kachipangizo koteteza batire, anati n'zongodyera anthu ndalama, ndingolumikiza mawaya mwachindunji. Mtengo unali wotsika ndi theka poyerekeza ndi kwina, ndipo ndinabwerera kumudzi ndikudzitama kuti ndapulumutsa ndalama za gulu.

Miyezi itatu sinakwane. Batire linayamba kutentha masana, kununkha ngati mazira owola, ndipo ikamati 6 koloko madzulo lazima. Mphunzitsi wa sayansi wa pa CDSS yathu anabwera ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, n'kupeza kuti panelo ikutulutsa mphamvu yosafika ndi theka lomwe la zimene zinalembedwa. Kapepala kaja kanali komata chabe. Nditabwerera ku shopu ndinapeza akugulitsamo kaunjika. Pa msonkhano wa komiti mayi wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, chenji chija munadyera chiyani?" Manyazi ake sindidzaiwala, chifukwa ngakhale risiti ndinalibe.

Ndiye inu chitani izi. Tengani munthu wodziwa za magetsi pokagula, ndipo panelo muiyeze padzuwa musanapereke ndalama. Panelo ya 12V isanalumikizidwe imayenera kuonetsa mavoti pakati pa 18 ndi 22, koma zimenezi zokha sizikwanira, chifukwa yabodza nayo imaonetsa mavoti abwino. Yezaninso ma amp, mufananize ndi zolembedwa kuseri. Onaninso kukula kwake: panelo yeniyeni ya 200W imaposa mita m'litali, siingakhale ngati thireyi ya tiyi. Batire likhale la deep cycle, lopangidwira sola. La galimoto analipangira kupereka mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo mukamalikhuthula usiku uliwonse limafa msanga. Charge controller musaisiye, ndi imene imaletsa batire kudzaza mopitirira komanso kuthera pansi. Inveta ya mafoni okha siifunika, ingogulani masoketi a USB olumikiza ku batire. Risiti ikhale ya sitampa, ndipo pitani anthu awiri, wina adzakhale mboni.

Mafoni muziwamata manambala ndi kupereka kakhadi kwa mwini wake. Tinalipirapo foni ya munthu kamodzi chifukwa chokhulupirira nkhope.

Chachinayi: printa

Sola ikakhazikika, onjezerani inveta ndi printa ya inki ya m'mabotolo; ya laser imadya magetsi ambiri. Ana a Fomu 4 amafuna mapepala a mayeso akale a MANEB, ofuna ntchito amafuna makalata, matchalitchi amafuna mapulogalamu a maukwati. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mu akaunti inasungunuka tikuona, choncho tsopano ikalowa timagula mapepala ndi inki n'kusunga.

Zotsalazo

Ana a m'dera amene ali ku Joni muwaike pa gulu la WhatsApp. Atumizireni chithunzi cha chimene chawonongeka ndi mtengo wake, kenako cha risiti. Akaona risiti amatumizanso pa Mukuru. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya gulu. Chipinda muzibwereketsa kwa amayi a banki m'khonde Loweruka masana. Akuluakulu azilipira kangachepe pa chaka, ana a sukulu ulere. Za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, lembani kalata kudzera ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, mupemphe malata kapena mashelefu, koma bajeti yanu musaiwerengereko. Yathu tinapereka kalekale, mwezi uliwonse amatiuza kuti ili pa tebulo.