Momwe mungamezanitsire mandimu opanda njere a Tahiti kuno ku Chigwa cha Shire

Mandimu a Tahiti ndi obiriwira, okulirapo kuposa timandimu tathu tating'ono ta m'misika ya Nchalo ndi Bangula, a madzi ambiri, ndipo mkati mulibe njere. Mtengo wake ulibenso minga yambiri. Popeza njere mulibe, simungafese. Njira yake ndi kutenga diso (pomwe pamatulukira mphukira, pamwamba pa kaphesi ka tsamba) pa nthambi ya mtengo wa Tahiti n'kuliika pa tsinde la mtundu wina, zomwe ena amati kukwatitsa mitengo. Wina akakugulitsani mbande ya m'chubu n'kumati ndi Tahiti koma pa tsinde palibe chipsera cha pomwe anamezanitsa, mufunseni kuti anaipanga bwanji. Akayankha kuti anafesa njere, sungani ndalama zanu.

Yambani ndi matsinde, chifukwa ndiwo amatenga nthawi. Osavuta kupeza ndi a mandimu wamba aja a khungu lokhakhala. Amakula msanga ndipo amapirira chilala, koma amadana ndi zinthu ziwiri zomwe kuno n'zochuluka: madzi odikha ndi mchere. Ngati munda wanu ndi wa makande ngati a ku Ngabu, mudzabzale pa chulu chounjika. Ngati mjigo wanu umatulutsa madzi amchere, funafunani njere za Rangpur kapena Cleopatra, mitundu ina ya m'gulu la mandimu ndi manachesi yomwe imapirirako mchere. Fesani njere zikangochoka mu chipatso, musaziumitse padzuwa. Tsinde likafika kukula ngati pensulo, nthawi zambiri pakatha miyezi 6 mpaka 9, lakonzeka.

Tinthambi ta Tahiti ndito tosowa. Funsani kaye alangizi a zaulimi, komanso kumalo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo kapena Kasinthula ku Chikwawa, kuti akulozereni kwa amene ali ndi mtengo wodziwika bwino. Ulendo wake ungakudyereni ndalama zambiri kuposa tinthambito, choncho gwirizanani anthu angapo mutume mmodzi. Za kubweretsa tinthambi m'chikwama kuchokera ku Mozambique kapena ku Joni zisiyeni: mbewu zolowa m'dziko zimafuna chilolezo cha boma, ndipo matenda ambiri a zipatsozi amayenda ndi tinthambi tomweti.

Musalandire tinthambi todulidwa kale ndi munthu amene simunaone mtengo wake. Pitani nokha, muone chipatso, muchidule pakati. Kenako yang'anani masamba. Akakhala ndi mawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za mtsempha wapakati, zipatso zili zokhota, kapena pa masamba pali timatuza tambiri, usiyeni mtengowo. Izi ndi zizindikiro za matenda a greening ndi kachilombo kamene kamawafalitsa, ndipo zimakonda madera okwera ozizira, komwe n'komwenso mungapeze mitengoyi. Sendaninso khungwa pang'ono pa kanthambi kamodzi: mukaona timaenje totalika pa thabwa lake, amenewo ndi matenda a tristeza. Onse awiri alibe mankhwala.

Dulani tinthambi tozungulira, tokhwima koma tikadali tobiriwira, totalika masentimita 20 mpaka 25. Ta nsonga, tomwe tili ndi ngodya zitatu mukatigwira, n'tanthete kwambiri. Chotsani masamba onse pomwepo ndi lumo koma siyani kaphesi ka tsamba lililonse, kadzakhala chogwirira.

Pomwe anthu ambiri amaluzira ndi apa, pakati pa mtengo ndi kwanu. Kanthambi kopanda mizu kamapitirira kutaya madzi, ndipo diso likhoza kufa mkati kunja likuonekabe lobiriwira. Munthu amadula m'mawa ku Thyolo, n'kuyamba wazungulira mu Limbe, n'kukwera minibasi masana, jumbo ili pamiyendo pafupi ndi zenera. Potsetsereka kukafika pa Thabwa mpweya umakhala wasintha kale, ndipo mu jumbo yomanga yomwe yaombedwa ndi dzuwa mumatentha ngati mumphika wovundikira. Akafika amezanitsa bwinobwino, patatha masabata atatu maso onse akuda, iye n'kumati dzanja lake ndi loipa. Vuto silinali dzanja.

Chitani chonchi. Kulungani tinthambito mu nyuzipepala yonyowa koma yofinya mpaka isadonthe, chifukwa madzi ochuluka amaoletsa maso. Ikani mu jumbo, tulutsani mpweya, mangani. Jumboyo ilowe mu kabokosi kosunga kuzizira ka ogulitsa mafirizi, kapena mu ndowa yokhala ndi chivundikiro, pamodzi ndi botolo la madzi oundana lokulungidwa mu nsalu kuti lisakhudze tinthambi. Nyamukani nthawi yomweyo. Mukafika, mezanitsani madzulo omwewo kapena m'mawa mwake. Ngati muli ndi firiji, ikani m'munsi mosungira masamba, osati mozizira kwambiri muja, ndipo tingakhale masabata awiri kapena kuposerapo, bola magetsi asamazime tsiku lonse. Popanda firiji, ikani jumboyo mumtsuko wadothi wonyowa pamthunzi ndipo musapitirire masiku awiri. Kuti mudziwe ngati kanthambi kadakali ndi moyo, kandani khungwa ndi chikhadabo: pansi pake pakhale pobiriwira ndi ponyowa. Khungwa likachita makwinya, tayani.

Nyengo nayo muiwerengere. Okutobala ndi Novembala, pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, musayese n'komwe. Epulo ndi Meyi ndi yabwino, kapena Ogasiti dzuwa lisanakwiye. Thirirani matsinde mokwanira kwa sabata yonse musanamezanitse kuti khungwa lizisendeka mosavuta. Likamakana kusiyana ndi thabwa, dikirani.

Mpeni ukhale wakuthwa moti n'kumeta ubweya wa pamkono; lezala latsopano nalonso limagwira. Uviikeni mu Jik wosungunula, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi, n'kutsukuluza ndi kupukuta musanachoke pa mtengo wina kupita pa wina. Sipiliti yokha sipha tizilombo tina toyenda ndi mpeni.

Pa tsinde, sankhani malo osalala masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa dothi. Ena amamezanitsa m'munsi kwambiri, koma kuno mvula ikabwera ndi matope ake kapena madzi akasefukira, pomezanitsa pakafika dothi pamaola. Sankhani mbali ya kummwera, chifukwa m'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto. Chekani khungwa lokha motsika masentimita 3, kenako mopingasa m'munsi mwake, ngati chilembo cha T chozondoka. Chozondokacho chimathandiza kuti madzi asalowe pabala. Tukulani milomo ya khungwa ndi nsonga ya mpeni.

Tsopano sengani diso pa kanthambi, kuyambira sentimita imodzi mbali ina mpaka sentimita imodzi mbali inayo, kamodzi n'kamodzi osachita kucheka ngati sowo. Gwirani pa kaphesi, musakhudze pochekapo. Lowetsani mokweza pansi pa khungwa, kaphesi kali m'munsi mwa diso monga momwe zinalili pa mtengo. Zonsezi zisatenge mphindi. Mangani kuyambira m'munsi kukwera, molimba, ndi lamba wa pulasitiki wa sentimita imodzi ndi theka m'lifupi. Tepi yogula yomezanitsira ndi yodula ndipo sipezeka wamba. Mapaketi a shuga odula mizeremizere amagwira chimodzimodzi. Tepi yakuda ya magetsi ayi, imakoka kutentha ndipo imamata khungwa.

Machubu akhale pansi pa chisakasa cha udzu, ndipo pothirira madzi apite pa dothi pokha. Pakatha masiku 14 mpaka 21 masulani. Diso lobiriwira, kaphesi n'kuthothoka kokha mukakakhudza, ndiye kuti lagwira. Lakuda lafa, mezanitsani lina mbali ina. Ndi chifukwa chake muzimezanitsa matsinde ochuluka kuposa mitengo imene mukufuna.

Likagwira, chekani tsinde masentimita 3 pamwamba pa diso kufika magawo awiri mwa atatu, n'kuliweramitsa osalithyola, kuti mphamvu zipite ku diso. Mphukira ikafika masentimita 20 imangirireni ku kamtengo ndipo malizani kudula tsinde lija. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa diso muzithothole sabata iliyonse, apo ayi mudzakolola mandimu wamba omwe aja. Yang'anirani mbozi ndi nsabwe pa masamba anthete, ndipo tchingani mbuzi. Ikafika masentimita 60 tsinani nsonga kuti ichite nthambi, mubzale mvula ikakhazikika, mamita 5 kapena 6 pakati pa mitengo. Zipatso zoyamba muziyembekezere pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.