Musanagule ufa kapena mapiritsi "otsuka chiwindi"

M'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula mumapezeka mabotolo ndi timapaketi ta ufa tomwe ogulitsa amati timatsuka chiwindi cha munthu womwa kachasu. Ndalama za thonje zikuthera pa zinthu zimenezi, choncho ndi bwino kudziwa mmene chinthu chimayesedwera chisanatchedwe mankhwala.

Umboni wa munthu mmodzi woti anamwa n'kuchira si wokwanira, pakuti kawirikawiri munthuyo amakhala atalekanso mowa pa nthawi yomweyo, ndipo chiwindi chomwe changoyamba kuchita mafuta chimabwerera mwakale chokha mowa ukalekedwa kwa masabata angapo. Pakafukufuku weniweni, odwala omwe avomera mwakufuna kwawo amagawidwa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina limalandira chinthu choyesedwacho, lina mapiritsi ofanana maonekedwe koma opanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhalenso dokotala sadziwa yemwe walandira chiti kufikira pamapeto, pomwe amayerekeza zotsatira za magazi ndi chiwerengero cha omwalira. Silymarin, wochokera ku chomera cha milk thistle yemwe ena amati amathandiza chiwindi, anayesedwa motere kangapo, koma akatswiri a Cochrane, bungwe lounika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, atasanthula zotsatirazo mu 2007 sanapeze umboni wokwanira woti amatalikitsa moyo wa odwala. Nanga ufa wopanda dzina la woupanga, wosadziwika ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, tingaukhulupirire bwanji?

Kuno kuchigwa cha Shire chiwindi chili ndi adani enanso: likodzo la m'matumbo lomwe anthu amalitenga m'madambo ndi m'ngalande zothirira, kachilombo ka hepatitis B, komanso chuku cha chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Munthu yemwe maso ake achita chikasu, mimba kapena miyendo yatupa, apite kuchipatala akamuyeze magazi asanamwe chilichonse. Akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, musadikire kuti kuche.

Chothandiza kwenikweni ndi kuleka mowa, koma chidakwa cha zaka zambiri chisaleke mwadzidzidzi chili chokha kunyumba, chifukwa chingathe kunjenjemera, kubwebweta ngakhale kukomoka. Achipatala ali ndi mankhwala ochepetsa zimenezi. Wodwalayo azidya pafupipafupi nyemba, mazira, nsomba yaiwisi yophika ndi ndiwo za sangowa, ndipo asagone ndi njala. Ngati mimba yadzaza madzi, achepetse mchere, makamaka nsomba zouma zothira mchere, ndipo Panado asamwe mopitirira mlingo womwe dokotala wanena.