Mmene tinathetsera mkangano wa usipa ndi mpunga

Gulu lathu la banki m'khonde ku Makawa, m'boma la Mangochi, lili ndi amayi 18. Chaka chatha tinagwirizana zoyamba geni ya pamodzi, koma pa katundu tinagawanika: ena ankafuna usipa wouma wokagulitsa ku Limbe, ena mpunga. Chinandiwawa n'chakuti aliyense ankafunsa mitengo kwa anthu okhawo omwe angamuvomereze. A usipa ankaimbira achibale awo kudoko, a mpunga nawonso ankafunsa anzawo. Milungu itatu inatha ndalama zili gone m'bokosi.

Ine monga mlembi ndinati, "Amayi, tisinthane. Inu a mpunga mukafufuze za usipa, inu a usipa mukafufuze za mpunga." Anang'ung'udza, komabe anapita awiriawiri.

Mayi wina wachikulire, yemwe ankakana usipa kwamtuwagalu, ndiye anabwera ndi mfundo yomwe tonse tinaiiwala: nthawi ya mvula usipa suuma bwino pathandala, umachita nkhungu usanafike kumsika. Koma anavomerezanso yekha kuti mvula ikatha phindu lilipo ndithu, ndipo mawu akewo anafewetsa mitima ya anzake.

Tinavota pa timapepala kuti wina asaope nkhope ya apampando. Tinayamba ndi mpunga, usipa tinaudikiritsa mpaka Juni.