Mmene mungakonzere wotchi yamakono kuti ithandize kholo likagwa kapena mtima ukavuta

Mabanja ambiri mu Lilongwe ali ndi kholo lokalamba lomwe limatsala lokha pakhomo ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 pamene ana apita ku ntchito ku City Centre kapena ku Kanengo. Munthu wotere akaterereka m'bafa, amatha kugona pansi mpaka madzulo popanda womumva. Wotchi yamakono yovala pamkono ingathandize pamenepa, koma pokhapokha mutaikonza molingana ndi moyo wa kuno kwathu.

Yambani ndi kuona foni imene kholo lanu lili nayo. Apple Watch imagwira ntchito ndi iPhone basi, pomwe Galaxy Watch zatsopano zimafuna foni ya Android, ndipo kuyeza ECG (kujambula mmene mtima ukugundira) pa wotchi za Samsung kumafuna foni ya Samsung yomwe. Kuzindikira kugwa kunayamba ndi Apple Watch Series 4 mu 2018, choncho musagule yakale kuposa imeneyo. Musanapereke ndalama, uzani wogulitsa ailumikize ku foni pomwepo, muone nokha ngati mbali yoyeza mtima ikutseguka, chifukwa makampaniwa satsegula mbali imeneyi m'mayiko onse. Wotchi zotchipa zimene zimati zimayeza shuga popanda kubaya chala muzipewe. Mu 2024 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asamazikhulupirire.

Mukafika nayo kunyumba, lembani zaka zobadwa za mwini wake molondola. Pa Apple Watch, mbali yozindikira kugwa imadziyatsa yokha kwa munthu wa zaka 55 kapena kuposerapo, koma pitanibe mukatsimikize kuti yayaka. Munthu akagwa mwamphamvu, wotchi imanjenjemera ndi kulira, n'kumufunsa ngati ali bwino. Akakhala osasuntha kwa pafupifupi mphindi imodzi, imawerenga masekondi 30, kenako imaimba nambala ya zangozi ndi kutumiza uthenga wosonyeza pamene ali kwa anthu amene munawasankha.

Kusankha anthu amenewa ndiye nkhani yaikulu, ndipo ine ndimaona kuti ambiri amakuchita mothamanga. Ambulansi kuno siyofulumira ngati ya kumayiko kumene wotchizi zinapangidwira, kotero amene adzanyamule mayi kupita nawo ku Kamuzu Central Hospital ndi munthu wapafupi. Musangoika mwana woyamba amene ali ku Johannesburg chifukwa choti ndiye anagula wotchi. Ikani woyandikana nawo nyumba amene amakhala pakhomo masana, wachibale wokhala ndi galimoto, ndiponso inu mwini. Auzeni onse kuti uthengawo ukafika asayambe kufunsana pa WhatsApp, koma wapafupi athamangire kunyumbako, ndipo akhale akudziwa pamene pamakhala kiyi wa geti.

Wotchi yodalira foni siingaimbe ngati foni ili kutali kapena yazima, ndipo uthenga sungapite ngati foniyo ilibe mayunitsi ndi bandulo ya Airtel kapena TNM. Batire ya Apple Watch wamba imakhala pafupifupi maola 18 mpaka 24, malinga ndi mtundu wake, choncho sankhani nthawi imodzi yotchajira tsiku lililonse pamene pakhomo pali munthu wina, ndipo sungani power bank chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Posamba asamaivule, poti m'bafa ndi moterera.

Pa za mtima, kuwala kobiriwira kumene kuli pansi pa wotchi kumawerenga kugunda kwa mtima, ndipo lamba ayenera kugwira khungu bwino osathina. Kwa munthu wamkulu amene akupuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Poyeza ECG, munthu amakhala pansi, n'kugunditsa chala pa batani la m'mbali kwa masekondi 30. Chimene wotchi imafufuza ndi kugunda kosokonekera kotchedwa atrial fibrillation, komwe kumatha kuundanitsa magazi mu mtima n'kuyambitsa sitiroko. Ikachenjeza, sungani zotsatirazo pa foni mukaonetse dokotala, ndipo musasinthe mankhwala a BP panokha.

Wotchi siizindikira kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Agogo akadandaula kuti pachifuwa pakuwawa ngati pakhala mwala, akubanika, akutuluka thukuta lozizira, kapena mukaona kuti kamwa yapotoka ndipo mkono umodzi wafooka, musataye nthawi ndi kuyeza. Nyamukani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale wotchi ikusonyeza kuti zonse zili bwino.