Musanalipire fizi ya sukulu ya za saluni

Atsikana ambiri amene amabwera ku saluni kwanga ku Chibavi, ku Mzuzu, kudzafunsa za cosmetology (maphunziro okonza tsitsi ndi kukongoletsa anthu) amakhala akudziwa kale kuluka. Anaphunzirira pakhonde, pamitu ya azing'ono awo. Ndiye ndimawauza kuti, asisi, fizi yanu isathere pa zimene manja akudziwa kale.

Choyamba funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999. Akuonetseni chikalata. Akati "zili m'kati", bwererani ndi ndalama zanu. Kenako mupiteko nthawi ya kalasi osawauza, muwerenge madraya ndi ophunzira, muonenso ngati akugwira mitu ya anthu kapena zidole zokhazokha. Chidole sichikuwa mankhwala akayamba kuwotcha.

Pa mankhwala mpamene mphunzitsi weniweni amadziwikira. Ma relaxer ambiri (mankhwala owongolera tsitsi) amakhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo, ndipo amadya khungu. Mumayamba mwapaka Vaseline m'mbali mwa mutu ndi m'makutu, mwavala magolovesi, maso pa wotchi, pomaliza n'kutsuka ndi neutralising shampoo. Retouch ndi ya tsitsi lomera kumene basi, patapita masabata 6 mpaka 8. Mukabwereza pa lakale limaduka. Mayi amene wamasula meshi m'mawa womwewo, kapena wakhala akukanda m'mutu, mum'bweze ngakhale akwiye. Dayi amayesedwa kuseri kwa khutu, n'kudikira maola 48. Mphunzitsi akamadumpha zimenezi, ine sindingam'patse mwana wanga.

Kuluka kokoka kwambiri kumathothola tsitsi la pachipumi, nthawi zina osameranso, ngakhale makasitomala ena amaumirira kuti zikhalitse. Zipere nazo zimayenda pa chipeso ndi pa makina ometera, choncho spiriti asamasowe patebulo.

Mukamaliza, gwirani kaye ntchito kwa wina musanatsegule panu. Mumaphunzira mitengo, kugula meshi ku Taifa Market osagwidwa m'maso, ndi chochita magetsi akazima mutu wa munthu uli m'draya. Mu Juni ndi Julayi matawulo sauma msanga kuno, mukhale ndi ambiri. Ngati munachokera kumwera, phunziraniko Chitumbuka. "Mwawuka uli, amama" amakhazika kasitomala pampando.

Ntchitotu si saluni yokha. Ena amangopanga zikhadabo, ena kusoka mawigi, ena kumeta, ndipo anyamata asachite nazo manyazi. Ophoda akwati Loweruka sapuma, chimodzimodzi nthawi ya graduation ku Mzuni. Kumeneko jambulani ntchito yanu, mwini nkhope atavomera, muike pa WhatsApp. Mukafuna kutsegula panu, layisensi mukatenge kukhonsolo ya mzinda musanakhome chikwangwani.