Momwe mungayendere mu mzinda wa Valletta m'nyengo yotentha

Mu Julaye ndi Ogasiti, kuno tikufunda mabulangete, ku Malta, dziko la zilumba la ku Ulaya, dzuwa limakhala likuswa mtengo, kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo alendo amakhala ali yakaliyakali mu Valletta, likulu la dzikolo. Mzindawu ndi waung'ono, woyendeka wapansi. Chimene chingakuonongereni ulendo ndi kusadziwa nthawi yotuluka ndi yobisala.

Yambani ndi mapepala. Malta ili m'chigawo cha Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza, komanso inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Pemphani msanga, ndipo malo ogona musungitsiretu, chifukwa mitengo imakwera nyengo imeneyi. Chingerezi amalankhula, magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo pulagi ya tchaja yanu ya mano atatu ilowa bwinobwino.

Lawirirani. Apa ndiye pagona nkhani. Sitima zikuluzikulu za alendo zimaima padoko la Grand Harbour, ndipo anthu ake akangotsika, msewu wa Republic Street umadzaza mpaka kumapondana. Mabasi amatsitsira kunja kwa chipata cha City Gate. Fikani dzuwa lisanakwere n'kulunjika ku tchalitchi cha St John's Co-Cathedral mzere usanatalike. Kunja kwake sikukopa, koma mkati ndi golide yekhayekha, ndipo muli chithunzi cha kudulidwa mutu kwa Yohane M'batizi chimene Caravaggio, katswiri wojambula wa ku Italy, adajambula mu 1608. Mapewa ndi mawondo azikhala ophimbika. Amayi, kachitenje m'chikwama kakupulumutsani. Nsapato za gogoda zosongoka salola, poti pansi pake ndi manda a miyala ya nsangalabwi.

Masana, pitani kumunda wopumulirako wa Upper Barrakka Gardens. Nthawi ya 12 koloko amaombera mzinga, ndipo mukaima pamenepo doko lonse limaoneka. Kutsidyako ndi kutauni ya Birgu, kumene asilikali a gulu la St John adalimbana ndi Aturuki mu 1565. Atapambana, mtsogoleri wawo Jean de Valette adayamba kumanga mzindawu mu 1566, n'chifukwa chake uli ndi malinga ochindikala chonchi.

Mzinga ukalira, thawani dzuwa. Makoma a miyala amabweza kutentha, misewu yambiri ndi yamasitepe, mthunzi ndi wosowa. Gulani pastizzi, timabanzi tokhukhuluka toikamo tchizi kapena nsawawa, totchipa kuposa chakudya cha m'malesitilanti a pa Republic Street. Madzi a pampopi ndi abwino, kungoti kakomedwe kake n'kachilendo chifukwa ambiri amachokera m'nyanja atachotsedwa mchere.

Cham'ma 4 koloko, tsikirani kumadzi. Musavutike ndi masitepe. Pali chikepe cha Barrakka Lift chotalika mamita 58. Pansipo kwerani boti lowolokera ku Cospicua, pafupi ndi Birgu, kapena kabwato kamakolo kotchedwa dgħajsa. Ine ndingasankhe kabwatoko, ngakhale kamagwedezeka. Ku Birgu kumakhala phee poyerekeza ndi mu Valletta.

Yang'aniraninso tsiku la 15 Ogasiti, chikondwerero cha Akatolika cha Santa Marija (Maria Woyera). Ndi tchuthi, masitolo ambiri amatseka, ndipo eni dziko amakhamukira kuchilumba cha Gozo, moti ngati mumafuna kupitako, sankhani sabata ina.